Makorali a m'thanki yanga ndi manja amene adutsamo

Mwa makorali onse, tinyama ta m'nyanja yamchere tooneka ngati maluwa, amene ali m'thanki yanga yagalasi kuno ku Durban, ndi ochepa kwambiri amene ndinagula m'sitolo. Ambiri anabwera m'timajumbo ta madzi amchere, atamatidwa pa timiyala ting'onoting'ono, kuchokera kwa anthu amene nawonso anachita kupatsidwa ndi ena. Ena tinasinthana, ena ndinagula motsika mtengo kwa anzanga, ena anangondininkha. Alendo akabwera amayamikira mitundu ndi kuwala kwake. Ine ndikayang'ana m'galasimo ndimakumbukira eni ake: wobiriwirayu anachokera ku Pinetown, wofiirayu ku Amanzimtoti, wanthambiyu anayenda usiku wonse m'bokosi kuchokera ku Johannesburg.

Ndinakulira ku Nkhotakota, komwe nsomba ndi ndiwo, ndipo munthu wosunga nsomba m'nyumba osaidya angafunsidwe ngati zili bwino. Nditafika kuno ndinadabwa kupeza mbuna za kwathu m'masitolo a ziweto, zili ndi mitengo yake ndi maina achilatini, anthu akuzisirira kuti zachokera ku nyanja yotchuka. Zinandikhudza. Thanki yanga yoyamba inali ya mbuna, ndipo ndi mbunazo zimene zinandiphunzitsa kuti woweta nsomba ntchito yake yaikulu ndi kusamala madzi. Za m'nyanja yamchere zinabwera pambuyo pake, nditaima nthawi yaitali kutsogolo kwa magalasi a ku uShaka Marine World, malo oonetserako zamoyo za m'nyanja kuno ku Durban. Mayi anga mpaka lero akamaimba foni amafunsa kuti, "Nanga nsomba zanu zija zakula?" Za makorali sindinathebe kuwafotokozera bwino, chifukwa pa chithunzi amaoneka ngati maluwa kapena miyala, pamene si maluwa komanso si miyala.

Korali ndi nyama. Ndi gulu la tinyama tating'ono totchedwa ma polyp, tomwe tili ndi kamwa pakati ndi timanja mozungulira, ndipo abale ake ndi jellyfish ndi anemone. Makorali olimba amadzimangira chigoba cha laimu pogwiritsa ntchito calcium ndi carbonate za m'madzi, ndipo zigoba zimenezi zikaunjikana kwa zaka zikwizikwi ndiye matanthwe a pansi pa nyanja aja. M'mnofu mwa tinyamati mumakhala ndere yosaoneka ndi maso, yotchedwa zooxanthellae. Ndereyi imapanga chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa n'kugawirako korali, pamene korali amaipatsa pokhala ndi manyowa. N'chifukwa chake thanki ya makorali imafuna magetsi amphamvu, makamaka a buluu, oyaka ndi kuzima pa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse.

Chimene chimapangitsa kuti tizitha kugawana n'chakuti tinyama tonse ta pa korali mmodzi ndi thupi limodzi lomwe lakhala likudzigawa. Ukathyola nthambi n'kuimata pa mwala wina, simafa. Imapola, imagwira, imayamba kukula, ndipo imakhala korali yemwe uja. Munthu wa kwathu izi sizimuvuta kumva. Mbewu ya chinangwa ndi mtengo wake, ndipo kumudzi sitinkaigula: unkapita kwa mnansi amene munda wake unachita bwino, iye n'kukumangira mtolo, podziwa kuti chaka china ndi iye amene adzabwere kwa iwe. Kachidutswa ka korali kotere anzathu kuno amakatcha frag, ndipo pafupifupi moyo wonse wa gulu lathu umazungulira pa ma frag.

Koma kachidutswa sungakaike m'madzi wamba. Pano ndi pamene ambiri amagwera mphwayi, ndipo ndimawamvetsa.

Madzi a m'nyanja ali ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35 pa lita imodzi. Ife timawapanga tokha: madzi a pampopi amadutsa kaye m'makina osefa a RO, kenako timasungunuliramo mchere wopangidwira mathanki, osati wa kukhitchini. Kusefako si mwambo chabe. M'madzi a pampopi mumakhala klorini ndi phosphate, nthawi zina ngakhale kopa wochokera m'mapaipi, ndipo kopa wochepa chabe amapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Mchere timauyeza ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, ndipo timafuna kuti kaloze pa 1.025 kapena 1.026. Kutentha kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Calcium akhale pakati pa 400 ndi 450, magnesium cha m'ma 1300, alkalinity, womwe ndi muyeso wa carbonate uja m'madzi, cha m'ma 8. Manambalawa munthu amawaloweza msanga. Chovuta n'chakuti makorali akamakula amadya calcium ndi alkalinity tsiku ndi tsiku, ndiye umayenera kubwezeramo mofanana ndi mmene akudyera. Thanki ikamachita bwino m'pamene imadya kwambiri, kotero kuti mlingo umene unali wokwanira mwezi watha lero waperewera.

Pa zonsezi ine ndimaopa alkalinity. Korali wa mtundu wa Acropora angathe kukhala bwino pa 7.5, angathenso kukhala bwino pa 9, koma kudumpha kuchoka pa nambala ina kufika pa inzake tsiku limodzi sapirira. Umangoona mnofu wayamba kusupuka kuchokera pansi, chigoba choyera chikuonekera, ndipo nthawi zina pofika mawa nthambi yonse yapita. Munthu amene manambala ake ndi opotoka pang'ono koma osasuntha amakhala ndi makorali athanzi kuposa amene amathamangitsa manambala a m'buku ndi mabotolo a mankhwala.

Palinso kanthu kena kamene atsopano amakaiwala. Madzi akamauluka ndi kutentha, mchere umatsala. Choncho madzi obwezera amakhala opanda mchere, ndipo ayenera kulowa pang'onopang'ono tsiku lonse. Madzi amchere timathira pokhapokha tikamasintha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa sabata.

Thanki yatsopano silandira korali. Imayenera kukhala milungu ingapo ili ndi miyala ndi madzi okha, kuti mabakiteriya osandutsa ammonia wa m'zonyansa za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate, akhazikike. Ikatero pamabwera miyezi yonyansa: ndere yabulauni pa mchenga, ndere yobiriwira ngati tsitsi pa miyala, nthawi zina utoto wofiira woterera. Munthu wawononga ndalama zambiri, ndipo chimene chili pabalaza sichikufanana ndi zithunzi za pa intaneti. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'thanki muno mwambiwu umagwira ntchito kawiri, chifukwa ndi nkhono zenizeni zimene zimadya ndere ija usiku uliwonse mpaka miyala kuyera.

Kuno ku South Africa mdani wathu wamkulu wakhala magetsi. Chaka cha 2023 ankazimitsidwa pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zina maola angapo kangapo pa tsiku. Makorali angapirire mdima wa masiku awiri kapena atatu, koma madzi akaima sapirira. Mapampu akasiya, mpweya wa m'madzi umayamba kutha, nsomba zimayamba kupuma movutikira, ndipo chimodzi chikafa n'kuyamba kuwola chimakoka zinzake. Tonse tinaphunzira za mabatire ndi ma inverter, ndipo amene analibe ndalama ankasunga timapampu ta mpweya toyendera mabatire a tochi. Ndikudziwa anthu amene ankadzuka pakati pa usiku kukatunga madzi a m'thanki ndi jagi n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Pamwamba pa izo pali kutentha kwa Durban m'miyezi ya January ndi February, pamene popanda fani kapena makina oziziritsa madzi amakwera msanga kupitirira madigiri 29.

M'nyengo imeneyo bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene anayamba kusunga makorali ambirife tisanadziwe n'komwe kuti n'zotheka, anachoka pakhomo kwa masiku ochepa kupita ku maliro. Magetsi atazima n'kubweranso, chipangizo china sichinayake. Pobwerera anapeza madzi ali mbuu, nyumba yonse ikununkha. Ntchito ya zaka zambiri inatha. Atalemba uthenga pa gulu lathu la WhatsApp, sanapemphe kanthu, anangoti mwina nthawi yosiya yakwana.

Mayankho amene anabwera sindidzawaiwala. Wina anati Montipora wofiira amene munandipatsa uja wadzaza mbali yonse ya thanki yanga. Wina anati Stylophora wanu ali kuno. Mayi wina anatumiza chithunzi cha korali wotchedwa hammer, wamkulu wa mitu yambiri, n'kunena kuti anayamba ndi mutu umodzi umene bambowo anamupatsa kwaulere pamene iye ankangoyamba kumene. Zinapezeka kuti thanki imene inafayo inali idakali moyo, yomwazikana m'nyumba za anthu kuyambira ku Ballito mpaka ku Scottburgh. Madzi ake atakhazikikanso, zidutswa zinayamba kubwerera chimodzichimodzi, ndipo sizinali zofanana chabe ndi zakale zija, zinali zomwezo. Ndinawauza anzangawo kuti kwathu timati kupatsa n'kuika, ndipo sindinafunike kufotokoza zambiri.

Kuyambira pamenepo, korali aliyense amene ndimamukonda ndimaonetsetsa kuti ali ndi chidutswa m'nyumba ina, makamaka ya dera limene magetsi ake amazima pa nthawi yosiyana ndi yathu.

Kudula kwake kumatengera mtundu. Anthambi monga Acropora ndi Seriatopora timawadula ndi kapulayala kakuthwa, n'kumata nthambiyo pa kamwala ndi guluu wa superglue wokhuthala uja, amene amauma ngakhale m'madzi. Hammer ndi torch timawacheka pa chigoba, pansi pa pamene mnofu wathera, ndipo uyenera kudikira kuti mitu igawanike bwinobwino. Ofewa monga leather amadulidwa ndi lumo, koma guluu sawagwira chifukwa amaterera, ndiye timawamanga mosathinitsa ndi kalabala kapena kuwasiya m'kabakuli ka timiyala mpaka atagwira okha. Mayi korali amakwinyirira kwa masiku angapo kenako n'kuphukanso, kawirikawiri ndi nthambi zambiri kuposa kale.

Pali mtundu umodzi umene ndimafuna munthu aliyense amve bwino za iwo asanaukhudze. Ma zoanthid ndi Palythoa, aja ooneka ngati timaluwa tamitundumitundu amene atsopano amawakonda chifukwa savuta, ena mwa iwo ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene amadziwika m'chilengedwe. Sungadziwe ndi maso kuti uyu ali naye, uyu alibe. Amalowa pa bala, m'maso, ngakhale popuma. M'maiko angapo mabanja athunthu agonekedwapo m'chipatala munthu atakwecha mwala wokhala ndi makorali amenewa kapena kuuthira madzi otentha, nthunzi n'kudzaza nyumba. Ine sindiwadula popanda magolovesi ndi magalasi oteteza maso, ndimadulira m'beseni pansi pa madzi, ana ali kutali, ndipo mwala wa m'thanki suwiritsidwa zivute zitani. Wopereka zoanthid osanena izi walakwira mnzake, ngakhale atapereka ulere.

Mphatso imathanso kubwera ndi mlendo wosaitanidwa. Pansi pa kamwala pangabisale Aiptasia, ka anemone kabulauni kamene kamaswana mofulumira n'kumawotcha makorali oyandikana nako. Pali tinyongolotsi tophwatalala timene timadya Acropora, ndi tinkhono topanda chigoba toyera timene timadya Montipora. Choncho chidutswa chilichonse, kaya chachokera kwa mnzanga wapamtima, chimayamba chaviikidwa m'mankhwala kwa mphindi zingapo. Mankhwalawo sapha mazira, ndiye ndimayang'ana ndi galasi lokulitsa, ndipo nthawi zambiri ndimachotsa kamwala kakale n'kumata pa katsopano. Amene ali ndi malo amasunga kathanki kapadera koyamba kusungiramo alendo. Palibe amene amakhumudwa ukaviika mphatso yake. Amene timamudandaula ndi munthu amene akudziwa kuti thanki yake ili ndi tizilombo koma akupitiriza kugulitsa ali chete. Gulu lathu ndi laling'ono, ndipo nkhani yotere sichedwa kumveka.

Ndalama nazo zilimo, ndipo sindiona cholakwika munthu kugulitsa zidutswa kuti agulire mchere ndi kulipira magetsi. Chimene chimandiwawa ndi malonda a maina. Korali wamba akapatsidwa dzina lokopa, n'kujambulidwa pansi pa magetsi a buluu okhaokha ndi galasi la lalanje pa kamera, mtengo umakwera kangapo. Wogula akafika naye kunyumba amapeza mtundu wake ndi wina. Enanso amadula tizidutswa tating'ono kwambiri n'kutigulitsa tsiku lomwelo, guluu asanaume n'komwe, bala lili pamtunda. Chidutswa choyenera kuperekedwa ndi chimene chapola, chimene mnofu wake wayamba kuyanga pa kamwala. Izi zimatenga milungu, ndipo milungu imeneyo ndi udindo wa wopereka. Ndikagulitsa ndimatumiza chithunzi cha pansi pa kuwala koyera, ndimanena manambala a madzi anga ndi pamene korali anali m'thanki, pamwamba kapena pansi, pamadzi othamanga kapena odekha. Wolandirayo amayamba kumuika pansi, pa mthunzi, n'kumamukweza pang'onopang'ono, chifukwa kuwala kochuluka mwadzidzidzi kumamuyeretsa.

Funso limene limandivutitsa, ndipo liyenera kuvutitsa aliyense wa ife, ndi la nyanja yeniyeniyo. Kholo la korali aliyense amene tili naye linachotsedwa m'nyanja tsiku lina. Malonda a nsomba za m'mathanki ali ndi mbiri yoipa: ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena akhala akugwiritsa ntchito cyanide kuti agwire nsomba zamoyo, ndipo mankhwalawo amapha makorali amene nsombazo zabisalamo. Nsomba ya Banggai cardinal, yomwe kwawo ndi kadera kochepa ka ku Indonesia, inalembedwa m'gulu la zimene zili pangozi yotha mu 2007, makamaka chifukwa cha mathanki athu. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zachilengedwe pakati pa maiko, kutanthauza kuti sadutsa malire a dziko popanda chilolezo. Indonesia itaimitsa kutumiza makorali kunja mu 2018, mpaka kumayambiriro kwa 2020, masitolo anauma ndipo mitengo inakwera. Nthawi imeneyo ndi imene ambiri anazindikira kuti zimene ankazifuna kutsidya kwa nyanja zinali kale m'thanki ya mnzawo wa m'tauni yomweyo. Chidutswa chimene chakulira m'mathanki kwa mibadwo ingapo chimakhalanso chopirira kuposa chongochoka kumene m'nyanja, chifukwa chinazolowera magetsi athu ndi mchere wathu.

Kumpoto kwa chigawo chino cha KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli Sodwana Bay, m'dera lotetezedwa la iSimangaliso limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1999. Matanthwe a makorali a kumeneko ndi ena mwa akummwera kwambiri mu Africa. Nditawaona ndi maso anga, ndinamvetsa kuchepa kwa chimene ndili nacho pabalaza. Malamulo a dziko lino saloleza kuthyola korali wolimba m'nyanja, ndipo munthu wobwera m'gulu lathu ndi chidutswa chimene sakufuna kunena kumene chachokera sitimulandira.

Sindinganene kuti mathanki athu akupulumutsa nyanja. Madzi a m'nyanja akangotentha ndi digiri imodzi kupitirira mmene amatenthera m'chilimwe, n'kukhala choncho kwa milungu ingapo, makorali amatulutsa ndere yawo ija n'kuyera, ndipo kutenthako kukapitirira amafa ndi njala. Mu 1998 izi zinasakaza kwambiri Nyanja ya Indian, ku Seychelles, ku Maldives ndi ku gombe la Kenya. Mu April 2024 bungwe la NOAA la ku America linalengeza kuti kuyera kwa makorali kwa dziko lonse kwachitikanso kachinayi. Ine ndingayatse fani n'kutsitsa madzi anga ndi digiri imodzi. Nyanja ilibe fani, ndipo magetsi amene thanki yanga imadya kuno ambiri amachokera ku malasha. Zimenezi ndimazidziwa, ndipo ndi chifukwa chimodzi chimene sindinakulitsire thanki yanga ngakhale mtima umafuna.

Komabe luso la manja limene anthu wamba akhala akuphunzitsana lafika kutali. Ken Nedimyer wa ku Florida anali wogwira nsomba za m'mathanki ndi woweta miyala ya m'mathanki pansi pa nyanja. Makorali a staghorn atamera okha pa miyala yakeyo anayamba kuwadula ndi kuwachulukitsa, ndipo mu 2007 anayambitsa Coral Restoration Foundation, imene imabzala makorali pa matanthwe owonongeka. Ku Mote Marine Laboratory ku Florida komweko, David Vaughan ndi anzake anapeza kuti makorali okula pang'onopang'ono akadulidwa tizidutswa tating'ono kwambiri amakula mofulumira. Ku Horniman Museum ku London, Jamie Craggs anachititsa makorali kuswana m'thanki mu 2013, potsanzira kutentha kwa nyengo, kutalika kwa usana ndi kuwala kwa mwezi. Zipangizo zawo zambiri ndi zomwe tili nazo m'nyumba: macheka ang'onoang'ono, timiyala, guluu.

Munthu watsopano akabwera kudzapempha, sindimupatsa Acropora, ngakhale ndi amene maso ake amathamangirako. Ndimamufunsa kaye kuti thanki yake ili ndi miyezi ingati, amayeza chiyani, ndipo magetsi akazima amatani. Akayankha bwino ndimamupatsa leather kapena mushroom, mwinanso mutu umodzi wa hammer. Green star polyp ndi Xenia ndimapereka ndi chenjezo lakuti aikidwe pa mwala wakewake kutali ndi ina, apo ayi adzakwirira thanki yonse. Woyamba kumene sindimulipiritsa. Ndimangomupempha kuti akadzakula adzadule, apatse munthu wina, ndipo andiuze kuti wapita kwa yani kuti ndilembe.

Kulembako kuli ndi ntchito. Tsiku lina ndidzabwerera kumudzi, ndipo thanki iyi singanditsatire. Pangafunike zilolezo za CITES, ulendo ndi wautali, mchere ndi mankhwala oyezera zikanakhala zoitanitsa kunja mwezi ndi mwezi. Ku Nkhotakota ndikadzafuna kuona nsomba zokongola ndidzangovala magalasi n'kulowa m'madzi a pa miyala, kumene mbuna zili kwawo. Makoraliwa adzatsala kuno, ndipo m'kope langa ndinayamba kale kulemba kuti uyu adzapita kwa yani. Montipora wofiira adzabwerera kwa bambo achikulire aja, hammer adzagawidwa mitu kwa achinyamata amene akuyamba kumene, ndipo nsomba ziwiri za clown, zimene zinabadwira m'thanki osati m'nyanja, mwana wa aneba anazipempha kale ndipo bambo ake avomera kugula batire.